Ng'ombe, mpunga, mtaya kapena mapaipi: tiyambire pati pochepetsa methane?

Aliyense amene anapondapo matope a m'dambo nthawi ya dzinja akudziwa zimene zimachitika. Phazi likangomira, timathovu timabwebweta kuchokera pansi n'kudzaphulikira pamwamba pa madzi. Tili ana tinkachita kuvundulira dala matopewo ndi ndodo kuti tione thovulo. Mu 1776 Alessandro Volta wa ku Italy anachita zomwezo m'mabango a m'mphepete mwa nyanja ya Maggiore, koma iye anautchera mpweyawo m'botolo, n'kupeza kuti umayaka. Mpweya umenewo ndiwo methane.

Amene amaupanga ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zinthu zoola pamalo opanda okosijeni. Choncho umapezeka m'dambo, m'munda wa mpunga wodzaza madzi, m'mimba mwa ng'ombe, pansi pa mulu wa zinyalala ndi m'chimbudzi cha dzenje. Wina unakwiririka kalekale pansi pa nthaka pamodzi ndi mafuta ndi malasha. Ulibe mtundu, ulibenso fungo. Fungo lija la dzira lovunda limene timalimva ku dzala la zinyalala ndi la mpweya wina umene umatuluka nawo limodzi. Ndipo gasi wa m'masilinda amene timagula kuno pophikira si methane ayi, ndi m'bale wake chabe.

Moto wa mapesi ndi chikuni cha tsanya

Dzuwa likatenthetsa nthaka, nthakayo imabweza kutenthako kumwamba. Mipweya ina ya mumlengalenga imakugwira kutenthako monga momwe chivundikiro chimachitira pa mphika. Umene umatchulidwa kwambiri ndi carbon dioxide, ndipo n'zoona, ndiwo uli ndi mlandu waukulu. Koma methane amagwira kutentha mwamphamvu kuposa pamenepo. Kilogalamu imodzi ya methane, tikawerengera zaka 20, imatenthetsa dziko kuposa makilogalamu 80 a carbon dioxide. Tikawerengera zaka 100, imafanana ndi makilogalamu pafupifupi 30. Manambalawa akusiyana chifukwa methane sakhalitsa: pakatha zaka pafupifupi 12 amakhala atasweka mumlengalenga, pamene gawo lalikulu la carbon dioxide limakhala komweko zaka mazanamazana.

Methane ndi moto wa mapesi, wolilima koma wosachedwa kuzilala. Carbon dioxide ndi chikuni cha tsanya chimene chimanyeka usiku wonse mpaka m'mawa. Ukasiya kusonkhezera mapesi, kutentha kumatsika uli pomwepo. Apa ndiye pagona nkhani yonse: tikachepetsa methane lero, phindu lake tiliona ifeyo tisanafe, osati adzukulu okha.

Vuto n'lakuti tikusonkhezera usana ndi usiku. Mafakitale asanayambe, cha m'ma 1750, m'magawo 1 biliyoni a mpweya wa mumlengalenga munali magawo a methane oposa 700 pang'ono. Lero apitirira 1,900. Lipoti la gulu la akatswiri a zanyengo la IPCC la mu 2021 linati methane wotuluka chifukwa cha zochita za anthu watenthetsa dziko ndi pafupifupi theka la digiri. Theka la digiri limamveka lochepa, koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti, ndipo chinyezi chimenecho chimadzagwa ngati mvula. Amene anali ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, sakufunika kuuzidwa kuti mvula yopitirira muyezo imatani.

Mwa methane yense amene amakwera kumwamba chaka ndi chaka, pafupifupi 40 peresenti ndi wachilengedwe, makamaka wa m'madambo. Ameneyo tisamukhudze, kuumitsa dambo pofuna kuchepetsa methane n'kuononga chitsime, nsomba ndi msipu wa chilimwe. Wotsalayo ndi wathu. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe la UNEP linaugawa motere mu 2021: mafuta, gasi ndi malasha 35 peresenti, ziweto 32, zinyalala ndi madzi a m'zimbudzi 20, mpunga 8. Linanenanso kuti kuchepetsa methane wa anthu ndi 45 peresenti pofika 2030 kungapewetse kutentha kwa pafupifupi madigiri 0.3 m'zaka za m'ma 2040. Mu Novembala 2021, pa msonkhano wa COP26 ku Glasgow, maiko oposa 100 analonjeza kuchepetsa methane ndi 30 peresenti pofika 2030 poyerekeza ndi mu 2020.

Njira zilipo zingapo, ndipo sizifanana kulemera. Ine ndimaziyesa ndi mafunso atatu. Kodi ikuchotsa methane wochuluka bwanji? Amene alipire ndani? Nanga amene akugwira ntchitoyo apindulapo chiyani m'thumba kapena m'mbale mwake? Funso lachitatuli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa njira yosapindulira mwini wake imafa tsiku limene ndalama za thandizo zatha.

Kutseka mapaipi: yotsika mtengo, koma si ya m'manja mwathu

Gasi amene maiko olemera amaphikira, kutenthetsera nyumba ndi kupangira magetsi, mbali yake yaikulu ndi methane. Amadontha m'zitsime, m'mapaipi ndi m'malo olumikizira zitsulo. Pena makampani amangomutulutsa dala chifukwa chimene akufuna ndi mafuta okha. Ku Aliso Canyon m'chigawo cha California, chitsime chimodzi chosungiramo gasi chinadontha kuyambira Okutobala 2015 mpaka Febuluwale 2016, n'kutulutsa matani pafupifupi 100,000. Migodi ya malasha nayonso imapuma methane.

Njira yotseka malo odonthawa ilibe mnzake. Bungwe loona za mphamvu la International Energy Agency lakhala likunena kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a methane wa m'makampani a mafuta ndi gasi atha kuthetsedwa ndi zipangizo zimene zilipo kale, ndipo gawo lina labwino lingathetsedwe popanda kampani kuluza kanthu, popeza gasi wogwidwayo amagulitsidwa. Palibe amene akuuzidwa kusintha chakudya kapena kusiya mwambo. Ndi kumanga mabawuti, kusintha mavavu, ndi kusiya kutaya. Makina a m'mlengalenga tsopano amaona malo odontha kwambiri ali kutali, moti kubisa kwayamba kuvuta.

Kwa ife a ku Malawi, pano ntchito yathu ndi pakamwa. Tilibe zitsime za mafuta, ndipo migodi yathu ya malasha, monga ya ku Rumphi, ndi yaing'ono. Abale athu a ku Tete ali pafupi ndi migodi ikuluikulu ya ku Moatize, ndipo dziko la Mozambique linayamba kutumiza kunja gasi wa pansi pa nyanja ya mchere ku Cabo Delgado mu Novembala 2022. Kumeneko funso la kudontha ndi lapakhomo. Koma nthumwi zathu zikapita ku misonkhano ya zanyengo, ichi ndicho choyamba choti zikakamire. Zimandiwawa kumva mlimi wa ng'ombe zisanu ku Ngabu akunenedwa kuti akuononga dziko, pamene kwina paipi ikufwenthera kumwamba mwezi wathunthu osaikonza.

Ng'ombe: apa pafunika kudekha

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimabzikula. Udzu umakaola m'chifu chachikulu choyamba, ndipo methane amatuluka. Ambiri amaganiza kuti amatulukira kumbuyo, koma pafupifupi yense amatulukira kukamwa pogeya. Khalani pafupi ndi ng'ombe yogona pamthunzi masana, mudzaimva ikugeya mwakachetechete mphindi iliyonse. Ng'ombe yamkaka ya ku Ulaya kapena ku America imatulutsa makilogalamu 100 kapena kuposerapo pachaka. Ng'ombe yathu yalinunda imatulutsa wocheperapo kwambiri chifukwa ndi yaing'ono ndipo imadya pang'ono.

Pali njira zitatu zimene zimakambidwa, ndipo ndikuona kuti imodzi yokha ndiyo yathu.

Yoyamba ndi yakuti anthu achepetse kudya nyama ndi kuweta. Kumaiko kumene munthu amadya nyama ya ng'ombe kangapo pamlungu, mawu amenewa ali ndi malo ake, ndipo a ife amene tikukhala ku London kapena ku Johannesburg tiwamvere. Koma kumudzi kwathu, kumene nyama imaoneka pa Khirisimasi, paukwati ndi pamaliro, ndipo ana ambiri akupinimbira chifukwa chosowa zakudya zomanga thupi, kuuza munthu kuti asiye ng'ombe n'kumulakwira. Ng'ombe ndi banki, ndi ngolo, ndi pulawo, ndi fizi ya mwana. Ku Mzimba ndi malowolo.

Yachiwiri ndi mankhwala osakaniza m'chakudya. Ena otchedwa Bovaer, amene maiko a European Union anawavomereza mu 2022, amachepetsa methane wa ng'ombe yamkaka ndi pafupifupi 30 peresenti. Palinso ndere zofiira za m'nyanja ya mchere zotchedwa Asparagopsis, zimene poyesera zina zinachepetsa methane ndi 80 peresenti. Manambalawa ndi okoma, koma ng'ombe iyenera kudya mankhwalawo tsiku ndi tsiku, osakanizidwa bwino m'chakudya cha m'khola. Ukangosiya, methane wabwerera. Nanga ng'ombe zimene zimatuluka m'mawa ndi mnyamata wobusa n'kukabwera madzulo, uzipatsa bwanji? Komanso mankhwalawo amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mlimi saonjezerapo mkaka woti n'kubweza ndalamayo. Njira iyi ndi ya mafamu akuluakulu.

Yachitatu ndiyo ndikuivomereza: kudyetsa bwino ndi kusamala umoyo wa ziweto. Taganizirani ng'ombe yowonda ya mu Okutobala, nthiti zili gwa, ikubudula udzu wouma wonga waya. Ikugeyabe methane, koma sikukula, sikupereka mkaka, sitenga bere. Methane yenseyo ndi wopita pachabe. Ng'ombe yachikuda ingapereke lita imodzi kapena awiri patsiku, pamene yamkaka yosakaniza mtundu, yodyetsedwa bwino m'khola monga amachitira alimi a ku Thyolo ndi ku Bvumbwe, imapereka malita 10 kapena kuposa. Yachiwiriyi imatulutsa methane wochulukirapo payokha, koma pa lita iliyonse ya mkaka ndi wochepa kwambiri. Ndiye kudzala nsenjere, kusunga masangwe a mtedza ndi mapesi m'malo mowatentha, kuonjezera madeya ndi masamba a lukina pang'ono, kupha nkhupakupa kudibi, kupereka katemera, ndi kugulitsa ng'ombe yokalamba isanafere m'khola, zonsezi n'zimene alangizi akhala akunena kuyambira kale popanda kutchula methane.

Ndinene chilungamo pa malire ake. Njirayi imachepetsa methane wa pa lita ndi wa pa kilogalamu ya nyama. Ngati ng'ombe zikuchulukirachulukira, methane wa dziko lonse akwerabe. Phindu lenileni limabwera pamene ng'ombe zitatu zonenepa zalowa m'malo mwa zisanu ndi zitatu zowonda, ndipo kuti munthu avomere zimenezo pamafunika msika wodalirika wa mkaka ndi nyama, ndi malo ena osungira chuma kupatula khola.

Ndowe ndi gasi wophikira

Ndowe yogwera kubusa n'kuuma padzuwa situlutsa methane wambiri. Yoopsa ndi yonyowa, younjikidwa m'dzenje kapena m'khola lamatope, makamaka ya nkhumba ndi ng'ombe zamkaka. Apa m'pamene biogas imalowera. Mumamanga thanki yotsekeka pansi, mumathiramo ndowe yosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, ndipo mpweya wotulukawo, umene theka lake kapena kuposerapo ndi methane, umayenda m'paipi mpaka kukhitchini. Ukayaka umasanduka carbon dioxide ndi nthunzi, zimene mphamvu yake yotenthetsa ndi yochepa kwambiri. Lawi lake ndi labuluu, lopanda utsi, mphika suda. Phala lotsalalo ndi manyowa abwino a kudimba. M'dziko limene anthu oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, phindu lake ndi loonekeratu, ndipo musaiwale kuti uvuni wa makala nawonso umatulutsa methane pofuka.

Koma ndinaonapo thanki yotere pa sukulu ina yogonera, itafa. Chivundikiro chinali chitang'aluka, paipi itathyoka pafupi ndi khitchini, ndipo ophika anali atabwerera kumafuwa. M'kati ndowe yakale inali ikubwatabe, methane akungotuluka pamng'alu kupita kumwamba. Thanki yodontha ndi yoipa kuposa kukhala opanda thanki, chifukwa mwamanga fakitale ya methane ndi manja anu.

Choncho musanamange, dzifunseni. Kodi muli ndi ng'ombe ziwiri kapena kuposerapo zokhala m'khola tsiku lonse, kapena nkhumba zingapo? Madzi ali pafupi ngakhale mu Okutobala? Alipo mmisiri m'dera lanu wodziwa kukonza? Kumalo ozizira monga ku Dedza, gasi amachepa mu Juni ndi Julayi chifukwa tizilombo tija timachita ulesi kukazizira. Ngati mayankho ali bwino, mangani, ndipo mwezi ndi mwezi pakani madzi a sopo molumikizira mapaipi. Pamene patuluke thovu, pakudontha. Ngati ng'ombe zanu n'zoyenda kubusa, ndalamayo gulirani zina.

Mpunga: nkhani ndi madzi

Munda wa mpunga wodzaza madzi kuyambira powokera mpaka pokolola ndi dambo lopangidwa ndi munthu. Madzi amatsekereza okosijeni, tizilombo timadya mapesi ndi mizu yoola, ndipo methane amakwera kudzera mu tsinde la mpunga womwewo. Ambiri tinakula tikudziwa kuti mpunga umafuna kumira nthawi zonse. Si zoona kwenikweni. Mpunga umapirira madzi, ndipo madziwo amapha udzu, koma sufunika kumira tsiku lililonse.

Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI la ku Philippines linafalitsa njira yothirira n'kumalekeza. Chida chake n'chosavuta: paipi ya pulasitiki yotalika masentimita 30, yoboola timabowo mbali yamunsi. Mumaizika m'munda, kuchotsa matope a m'kati, n'kumasuzumiramo. Pakatha milungu iwiri chiwokereni, mumasiya madzi aphwe. Pamwamba nthaka ioneka youma, mwina kung'aluka pang'ono, koma musadere nkhawa, yang'anani m'paipimo. Madzi akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka, thiraninso mpaka akwere masentimita 5 pamwamba. Mpunga ukamatulutsa ngala ndi kuchita maluwa, madzi asachoke m'munda. Njirayi imachepetsa methane ndi pakati pa magawo atatu ndi asanu pa magawo khumi alionse, imapulumutsa madzi mpaka 30 peresenti, ndipo ikatsatidwa bwino zokolola sizitsika.

Pa njira zonse, iyi ndiyo yotsika mtengo kwa mlimi. Koma imafuna munthu wokhala ndi ulamuliro pa madzi ake. M'masikimu a mthirira monga Wovwe, Hara ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bwanje, Domasi kapena Muona, n'zotheka, bola komiti ya madzi igwirizane. Mlimi wa kumapeto kwa ngalande, amene sadziwa ngati madzi adzafika mawa, sangalole munda wake kuphwa, ndipo sindingamudzudzule. Kumeneko kukonza ngalande ndi ndondomeko yogawana madzi kuyambe, paipi ibwere pambuyo. Wolima mpunga wa mvula m'dambo alibe chotsekera kapena chotsegulira. Chimene angathe ndi kusamala mapesi: kuwakwirira atangotsala pang'ono kudzaza madzi kumachulukitsa methane, pamene kuwakwirira kukali kouma mwezi kapena kuposerapo madzi asanabwere, kapena kuwapanga kompositi, kumamuchepetsa. Dziwaninso kuti munda ukamauma udzu umamera wochuluka, ndiye ntchito yopalira imakula.

Mpunga wathu, ngakhale Kilombero ndi wonunkhira chotani, ndi kadontho poyerekeza ndi wa ku China, India ndi Vietnam. Chimene chikundikokera ku njirayi ndi madziwo. Nyanja ya Chilwa yaphwapo kangapo, ndipo alimi a kumeneko akudziwa tanthauzo la madzi opulumutsidwa.

Mtaya: ndikanakhala ndi ndalama za njira imodzi yokha

Ndikanaika apa. Zinyalala za m'mizinda yathu, kupitirira theka, n'zoola: makoko a nthochi ndi mbatata, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, zikonyo, nsima yotsala. Imani pamsika uliwonse madzulo muone mulu umene osesa asonkhanitsa, ntchentche zili ng'waa, madzi akuda akuyenderera. Galimoto ikabwera imakautaya ku Area 38 ku Lilongwe kapena ku Mzedi ku Blantyre, zina n'kubwera pamwamba, pansi okosijeni n'kutha. Mulu wotere umapuma methane zaka makumi, ndipo ndiye amene amasonkhezera moto wa kumtaya wosazimitsika uja, umene utsi wake anthu oyandikira amapuma. Mitaya yosasamalidwa yaphanso anthu: wa Koshe ku Addis Ababa unagumuka mu Malichi 2017 n'kupha anthu oposa 100, wa Hulene ku Maputo unakwirira nyumba mu Febuluwale 2018, wa Kiteezi ku Kampala mu Ogasiti 2024.

Pali njira ziwiri. Mzinda wa Durban unazika mapaipi m'mitaya yake ya Mariannhill ndi Bisasar Road, kukoka mpweyawo n'kupangira magetsi. N'zabwino, koma zimafuna mtaya womangidwa mwaluso, wokwiriridwa ndi dothi, ndi amisiri oyang'anira tsiku ndi tsiku. Pa mulu wongotayira, mapaipi sagwira mpweya wokwanira.

Inayo ndi kusalola zoolazo kufika kumtaya n'komwe. Kuzipatula pamsika pomwepo, zidebe ziwiri, china cha zoola china cha mapulasitiki, n'kupanga kompositi pamalo apafupi. Sizifuna ndalama zakunja. Zimachepetsa maulendo a galimoto za khonsolo, zimapereka ntchito kwa achinyamata ndi magulu a amayi, ndipo mtengo wa feteleza mmene wakwereramu, wogula manyowa sasowa. Alimi ambiri ayamba kale kusakaniza manyowa ndi feteleza pang'ono kuti thumba limodzi lifike patali. Chovuta ndi khalidwe lathu lotayira pamodzi zonse, ndi kupeza malo pafupi ndi msika.

Koma kompositi nayo ili ndi lamulo lake, ndipo ambiri amaliphonya. Mulu wonyowa kwambiri, wotsendereka, wosatembenuzidwa, umasanduka kadambo kakang'ono ndipo umatulutsa methane yemweyo. Sakanizani zobiriwira ndi zouma monga mapesi ndi udzu, ikani timitengo pansi kuti mpweya uzilowa, ndipo tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Tapani pang'ono m'dzanja n'kufinya: pazituluka kadontho kamodzi kapena awiri, osati madzi ochucha. Zikani ndodo pakati pa mulu, ndipo mukaizula pakatha masiku angapo izikhala yofunda. Mukamva fungo la dzira lovunda, mulu wabanika; uphwasuleni tsiku lomwelo, onjezerani zouma, muunjikenso.